Mutu 5: Sietske ndi Chimbale Chobiriwira

1. Mtsetse

Kwathu ku Oosterzijl mwana akhoza kukula osadziwa dzina la meya, koma sangafike zaka khumi asanamve Chobiriwira.

Chobiriwira ndi chimbale cha jazi wa magitala amagetsi. Anachijambula anyamata asanu a pa doko pompano mu 1974, m'shedi yosungiramo maukonde. Dzina lake lenileni ndi lalitali ndipo palibe amene amavutika nalo. Timangochitchula ndi mtundu wa chikuto chake. Mulibe mawu a munthu ngakhale amodzi. Ndi zida zokhazokha, kuthamangitsana, kukangana, kenako n'kugwirizana mwadzidzidzi ngati mwamuna ndi mkazi wake alendo akagogoda.

Zimbale zina zimakalamba pamodzi ndi eni ake. Ichi chinakana. Chimalira pa ukwati, chimalira pa maliro, chimaliranso kwa dokotala wa mano kuti musamve kubuula kwa mnzanu amene ali m'kati. Anthu amachokera ku Japan kudzajambulitsa pa khomo la shedi ija, n'kuyima pamvula akugwedeza mitu ngati afika pa manda a agogo awo.

Ndiye pali mwambo wake. Chaka chilichonse, Lamlungu loyamba la Okutobala, gulu la m'tauni limayimba chimbale chonsecho mu holo ya pa doko, ndendende mmene chimamvekera. Amayamba 3 koloko masana, chifukwa ochikonda kwambiri masiku ano dzuwa likangolowa ayamba kale kuwodzera. Zida zina zonse amagwira ndi akuluakulu, koma gitala ya besi imapatsidwa kwa wachinyamata.

Kumapeto kwa chimbalecho zida zonse zimakhala chete, besi n'kutsala yokha kwa mphindi zitatu. Malo amenewo timawatcha Mtsetse, ngakhale kuti kwathu kuno kulibe ndi chulu chomwe. Zala zimayenera kuthamanga ngati njinga yoduka mabuleki. Palibe mwana amene anatsikapo Mtsetse wonse bwinobwino. Amadumpha apa, n'kubisa apo, anthu n'kuwomba m'manja kuti wayesetsa.

Palinso china. Mawu a chimbalechi ndi okwera pang'ono, sagwirizana ndi piyano iliyonse ya padziko. Anthu ophunzira analemba kuti anyamata aja anachuna zida zawo motsatira lipenga la sitima yopita ku zilumba. Choncho aliyense woyimba nyimbozi amakunga nsambo zake kupitirira muyezo, mpaka zimauma gwa ngati waya wa mpanda. Wochuna piyano amabwera chaka chilichonse kudzaikweza, akutukwana chapansipansi.

Chaka chino chimbale chinali kukwanitsa zaka makumi asanu, ndipo komiti inasankha Sietske Bouma, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Chiyambire Epulo, Sietske ankayeserera Mtsetse maola anayi tsiku lililonse. Iye sankafuna mawu akuti wayesetsa.

2. Nsawawa za mufiriji

Lachitatu, kutatsala masiku anayi, amayi a Sietske, a Marrit, anabwera kuchokera ku fakitale ya nsomba n'kumupeza ali pa tebulo la kukhitchini, dzanja lamanja lili pansi pa paketi ya nsawawa za mufiriji.

"Kodi nsawawazo tidzadya liti? Kapena zinalembedwa ntchito ya unamwino?"

"Dzanja langotentha, Amayi."

"Langotentha. Adokotala ati chiyani?"

Sietske anayang'ana pawindo.

"Ndakufunsa iwe. Pawindopo palibe adokotala."

"Ati mitsempha yatupa. Ati ndisagwire besi miyezi iwiri."

"Ukaigwira?"

"Ati mwina zala ziwirizi sizidzabwereranso mwakale." Anakweza chamkombaphala ndi chapakati, zala zimene zimakhwacha nsambo. Chapakaticho chinali kunjenjemera chokha.

A Marrit anavula jekete, nakhala pansi, nayala manja awo pa tebulo. Anali ofiira, mfundo zake zotupa ngati mbatata.

"Taona awa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndikutumbula nsomba m'madzi ozizira. Ine sindinasankhe. Nsomba zinali patsogolo panga, iwe unali m'mimba, mpeni ndinangoutola. Masiku ano botolo la jamu ndimadikira iwe kuti ubwere kusukulu undivundukulire. Ukuganiza kuti dzanja limachenjeza kawiri? Limanena kamodzi, mwaulemu, monga lakuuzira iwe. Ukapanda kumva silikangana nawe. Limangosiya ntchito, ndipo silikutsanzika. Iwe ukufuna kulipereka chifukwa cha mphindi zitatu, kuti madala ovala majuzi aubweya akuwombere m'manja kenako akadye keke. Lolemba iwo adzakhala akudandaula za mawondo awo. Iwe udzakhala ukuphunzira kulemba ndi lamanzere."

"Simukumvetsa, Amayi. Chimbale chimenechi..."

"Sindikumvetsa ine? Bambo ako anandifunsira chimbale chimenecho chikulira m'galimoto. Ndinavomera pa Mtsetse penipeni, mutu utazungulira. Chimbale chilipo mpaka lero, bambo ako ali kuti?"

Sietske anafuna kuseka koma sanathe.

"Sindikumangirira pa mpando, wakula. Koma mawa ukaweruka, upite kwa a Wiebe. Ukaone dzanja lawo lenilenilo, osati la pa chikuto. Ndipo bweza nsawawazo mufiriji zisanaphuke."

3. Kwa a Wiebe

A Wiebe Dijkhuis ndiwo anayimba besi pa Chobiriwira, ndipo mwa asanu aja anatsala okha. Ankakhala m'kanyumba kuseri kwa chikhoma chotchinga nyanja. Ku mwambo wa Okutobala anasiya kalekale kupitako. Ankati mpando wa mu holo umawapweteka msana, koma aliyense ankadziwa kuti pa mpando wa ku bala ya mowa amakhala tsiku lonse osadandaula.

"Ndiwe wa chaka chino?" anatero atatsegula chitseko. "Mumabwera chaka chilichonse ngati chimfine. Lowa, pukuta nsapato."

Anathira khofi, natsegula chitini cha mabisiketi. Sietske anatenga imodzi, chitini n'kutsekedwa. Zonsezi a Wiebe anachita ndi dzanja lamanzere. Lamanja linali pachifuwa, zala zitapindikira m'kati ngati nkhanu yowiritsa.

"Usaliyang'ane mobera, liyang'ane bwinobwino. Silichita manyazi. Bweretsa lako."

Anadina ndi chala chachikulu pamfundo ya dzanja la Sietske. Mtsikanayo anadumpha mpaka khofi anatayikira m'mbale.

"Eya. Ndimalidziwa dzanja limeneli. Linali langa."

Anadzuka, natsegula kabati, natulutsa kaseti yakale yopanda dzina. Anaiika mu wailesi n'kudina.

Unali Mtsetse. Sietske anaudziwa pa kulira koyamba. Koma unali wonenepa, wotsika, woyenda modekha ngati munthu wobwera kumunda. Pakati pa mawu ena pankamveka munthu akupuma.

"A Wiebe, mabatire atha."

"Wailesiyi ili pamagetsi, mwana iwe. Atha ndi inu nonse m'tauni muno. Chimene ukumvachi ndi chimene ndinayimba m'shedi muja. Chimene mumamvera inu ndi chimene anayimba Harm."

"Harm ndiye ndani? Pa chikuto palibe Harm."

"Wa makina ojambulira nyimbo. Mulungu amukhululukire, ine ndinalephera. Khala pansi ndikuuze, ndipo usandidule.

"Nyimbo yomalizayo tinaiyimba mphindi makumi awiri ndi zisanu. Mbali imodzi ya chimbale inkanyamula makumi awiri ndi zitatu basi. Harm anafunsa kuti tidule pati. Wa lipenga anati dulani besi. Ine ndinati dulani lipenga, ndi mwini wake yemwe. Tinatsala pang'ono kukulungana m'maukonde. Harm anati pitani mukadye, ndikonza. Ife tikudya nsomba ndi anyezi panja, iye anangopotokola kabatani, tepi n'kuyamba kuyenda mofulumirirapo. Zonse zinakwana. Liwiro linakwera, mawu anakwera. Ndiye aphunzitsi a ku yunivesite akuti lipenga la sitima! Sitimayo sabata imeneyo inali pamtunda, akuipaka utoto.

"Tinaseka. Tinkati zimbale mazana atatu, ndani adzamva? Koma chinatchuka. Anthu anayamba kubwera kudzamva mnyamata wa pa chimbale. Ndikayimba mmene ndinayimbira m'shedi, ankanong'onezana kuti Wiebe waledzera. Ndiye ndinakunga nsambo, n'kuyamba kumuthamangitsa. Mnyamata ameneyo ndi ine ndemwe, koma nthawi zonse ali patsogolo panga ndi phazi limodzi. Satopa, satupa, alibe mitsempha. Ndinamuthamangitsa zaka zisanu ndi zinayi. Ndili ndi zaka makumi atatu ndi zitatu, m'mawa wina ndinalephera kumanga batani la malaya. Dokotala anandiuza mawu omwe akuuza iwewo, kungoti ine anandiuza nthawi itatha kale.

"Iwe ukupikisana ndi makina, mtsikana. Makina sadziwa n'komwe kuti pali mpikisano."

Sietske anayang'ana wailesi ija. Kaseti inali itatha, ikungozungulira.

"Bwanji simunawauze anthu?"

"Ndinawauza. Pa wailesi ndinanena, ku bala ndinanena. Anati tamverani kudzichepetsa kwa katswiri. Munthu akakonda chinthu, umboni amaumva ngati nthabwala."

"Nanga inuyo mumachimverabe?"

A Wiebe anayang'ana m'kapu mwawo.

"M'mawa uliwonse."

"Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa n'chokoma, chitsiru iwe! Vuto lake ndi limenelo. Chikanakhala choipa bwenzi ndili ndi manja awiri."

Anamuperekeza mpaka pakhomo. Mphepo ya kunyanja inali itagwetsa njinga yake.

"Chanzeru n'chakuti Lamlungu usayimbe. Koma nkhope yakoyo ndikuiona, si ya munthu womva. Ndiye ngati uyimba, khwefula nsambo, uyimbe pa liwiro la munthu. Dzanja likhoza kukukhululukira. Ukayimba pa liwiro la Harm, Lolemba udzabwere, ndidzakuphunzitse kusenda mbatata ndi dzanja limodzi."

4. Liwiro la munthu

Lachisanu masana gulu linakumana mu holo kudzayeserera komaliza. Mtsogoleri wake anali a Tjeerd Hoekstra, amene kale ankagulitsa mankhwala ndipo tsopano ankaliza lipenga. Chobiriwira anali nacho makope asanu ndi awiri, ena osatsegula n'komwe. Akazi awo ankati chikhala kuti nyumba ikupsa, iwo ndi amene angatulutsidwe komalizira.

Atafika pa Mtsetse, Sietske anakweza dzanja.

"A Tjeerd, ndimati tiyese china. Ndikhwefule nsambo pang'ono, ndipo tichepetse liwiro."

Wa ng'oma anaseka. Wa piyano anavula magalasi.

"Tichepetse chiyani, mwanawe?"

Sietske anafotokoza zonse: za mphindi ziwiri zosakwana, za Harm, za kabatani. Anafotokoza bwino, osachita chibwibwi. A Tjeerd anamvetsera akumwetulira ngati munthu amene mdzukulu wake akumuuza kuti waona njovu m'bafa.

"Wapita kwa Wiebe. Anakupatsa bisiketi imodzi ndi nkhani ya Harm, si choncho? Nkhani imeneyo ndinayamba kuimva iwe usanabadwe. Imatuluka akamwa matoti atatu. Akamwa asanu amati Mtsetse anayimba ndi mphaka."

"Kaseti ndaimva ndekha."

"Kaseti zakale zimafooka, ngati eni ake. Koma chabwino, tisakangane. Yesa timve."

Sietske anakhwefula nsambo. Pansi pa zala zinafewa ngati zingwe za nsapato. Anayamba Mtsetse modekha, monga pa kaseti ija. Mawu onse anatuluka, osasowa ngakhale amodzi, ndipo dzanja linangodandaula pang'ono.

Atamaliza, palibe amene anawomba m'manja. Mayi amene ankakonza mipando kumbuyo anafunsa mokweza kuti, "Imeneyo ndiye nyimbo yanji?"

"Wamva?" anatero a Tjeerd. Anakhala pamphepete mwa nsanja, ndipo ulendo uno sanaseke. "Tamvera, Sietske. Ine ndine wa mankhwala, dzanja lotupa ndimalidziwa. Sindikukakamiza. Koma Lamlungu mu holo muno mudzakhala anthu mazana anayi. Ena akuchokera ku Germany pa basi. Ena chaka chamawa sadzakhalapo, ndikudziwa chifukwa mapiritsi awo ndinkawawerengera ndine. Anthu amenewa sakubwera kudzamva choonadi. Akubwera kudzamva chimene anamva ali ndi tsitsi. Ukawapatsa chimene wayimbachi adzakuwombera m'manja, ndi anthu aulemu, koma pobwerera adzati chaka cha makumi asanu tinapatsidwa maliro. Ngati sungathe, nena lero. Mwana wa a Postma amaudziwa Mtsetse. Adzadumpha theka lake, koma adzadumpha mothamanga. Palibe adzakunena."

"Adzati ndayesetsa."

"Adzati unadwala. N'zoona, si choncho?"

Sietske anati adzayankha mawa.

Pobwerera sanakwere njinga, anangoikankha pamwamba pa chikhoma. Madzi anali ataphwa, matope akunyezimira mpaka kutali. Anavala zomvera m'makutu n'kuyika Chobiriwira, kuti achimve komaliza monga munthu wodziwa chinsinsi chake. Ankaganiza kuti tsopano chimveka ngati bodza.

Sichinamveke ngati bodza. Ng'oma zinaleka, lipenga linaleka, besi n'kuyamba kutsika. Tsitsi la m'khosi linamuyima monga linamuyimira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anaima chilili pakati pa njira mpaka bambo wina wa pa njinga anamuyimbira belu n'kumufunsa ngati chikhomacho anachigula.

Atafika kunyumba anatulutsa besi m'chikwama, nayamba kukunga nsambo imodziimodzi. A Marrit anamva kulira kwa nsambozo ali kukhitchini. Anazimitsa mpopi, namvetsera mawu akukwera, akukwera, mpaka anapitirira muyezo. Sanalowe m'chipindamo. Anangotsegulanso mpopi.

5. Lamlungu

Holo inadzadza isanakwane 2 koloko. Munkanunkha khofi, majekete onyowa ndi mankhwala opaka m'mawondo. Pakhomo pankagulitsidwa keke yobiriwira imene palibe ankafuna kudziwa kuti mtunduwo anautenga kuti.

A Marrit anali atanena m'mawa kuti sapita kukaonerera mwana wawo akudzipweteka. Pofika 3 koloko anali ataima kumbuyo pafupi ndi chitseko, jekete osavula.

Sietske ali kuseri kwa nsanja akumeza mapiritsi awiri oletsa ululu, anamva ndodo ikugogoda pansi. Anali a Wiebe, atavala tayi yopindika.

"Mwabwera? Nanga msana?"

"Msana ndausiya kunyumba. Bweretsa besiyo." Anakhwacha nsambo imodzi ndi chala chamanzere, namvetsera. Nkhope yawo inagwa. "Wakunga."

"Ndakunga."

"Mapiritsiwo satseka bala, amatseka pakamwa pa dzanja kuti lisakuuze. Ukamva kutentha, n'chenjezo. Ukamva ngati singano, n'chenjezo lomaliza. Ukasiya kumva chilichonse, usasangalale. Pamenepo ndiye kuti zatha. Ndanena, mboni ndi khoma ili."

"Mukakhale kutsogolo, a Wiebe. Mukamve bwino."

"Mwana wopanda makutu," anatero, koma anapita kukakhala kutsogolo.

Anayamba. Nyimbo yoyamba inayenda bwino, yachiwiri chimodzimodzi. A Tjeerd analakwitsa kawiri n'kuyang'ana lipenga lawo ngati lawanamizira. Madala ankagwedeza mitu, maso ali otseka, milomo ikutsatira mawu alionse. Mayi wina wa ku Germany ankalira kale, chonsecho nyimbo inali yosangalatsa.

Kutentha kunayamba pa nyimbo yachitatu. Singano zinafika pa yachinayi.

Kenako ng'oma zinaleka. Piyano inaleka. A Tjeerd anatsitsa lipenga. Anthu mazana anayi anakoka mpweya nthawi imodzi.

Sietske analowa mu Mtsetse pa liwiro la chimbale.

Mphindi yoyamba ana ambiri amaitha. Iye anaitha. Yachiwiri ndi pamene amayamba kuba, kudumpha mawu atatu n'kugwedeza tsitsi kuti anthu ayang'ane kwina. Iye sanabe. Mawu ankatuluka onse, oyera, othina, ngati mikanda ikugwa pa mbale. Wa ng'oma anayiwala kutseka pakamwa.

Pakati pa mphindi yachitatu china chake chinachita thapu m'kati mwa mkono, ngati lasitiki yakale. Ululu wonse unachoka. Dzanja linapepuka, linazizira, linakhala ngati la munthu wina amene wabwereka. Zala zinapitiriza zokha, chifukwa njirayo zinali zitaiyenda chiyambire Epulo. Sietske anangoziyang'ana zikutsika mpaka pansi.

Mawu omaliza analira, natha.

6. Dzanja lamanzere

Kwathu kuno anthu sayimirira wamba. Ngakhale pa nyimbo ya fuko ena amayamba aona ngati mnzawo wadzuka. Koma tsiku limenelo holo yonse inayimirira, ndi a mawondo omwe. Ankaponda pansi, ankaliza mluzu. A Tjeerd anamukumbatira akulira, lipenga likumubaya m'nthiti.

"Zaka makumi asanu! Ndendende! Ndiye wina azinena za Harm!"

Sietske anafuna kuvula lamba wa besi. Dzanja lamanja linakwera mpaka paphewa, koma zala ziwiri zija sizinagwire. Zinangokhudza lambayo n'kutsetsereka. Anayesanso. Kenako anavula ndi lamanzere, n'kulowetsa lamanja m'thumba la siketi.

A Wiebe anafika pang'onopang'ono, anthu akuwapatukira. Masaya awo anali onyowa.

"Tulutsa," anatero motsitsa mawu.

"Lili bwino."

"Likupweteka?"

"Ayi. Silikupweteka n'komwe."

Mkuluyo anatseka maso. Anatsamira ndodo.

"Ndinabwera kuti ndidzakukalipire," anatero. "Ndinakonza ndi mawu omwe. Koma pamene unafika pa mphindi yachitatu, ine amene ndikudziwa zonse, ndinkati mumtima, thamanga mwana, thamanga, usaime. Wamugwira mnyamata uja. Ine sindinamugwirepo." Anapukuta mphuno ndi tayi. "Ndi chimbale choipa mtima chimenechi. Pita kwa amayi ako."

A Marrit anali akubwera, akukankha anthu ndi zigongono ngati ali pa mzere wa nsomba. Sankawomba m'manja. Maso awo anali pa thumba la siketi.

Koma wina anawapitirira. Anali mayi wamtali wa jekete lofiira, wonunkhira mafuta a mumzinda, a Tjeerd akumutsogolera ngati abweretsa mfumukazi.

"Sietske, awa ndi mayi Verhagen. Amakonza maulendo a oyimba. Abwera kuchokera ku Utrecht chifukwa cha iwe."

"Chifukwa cha chimbale," anatero mayiyo akuseka, "koma ndikubwerera ndi iwe. Ndamva anthu ambiri akuyesa malo amenewo, akatswiri enieni, ndipo onse amabera. Iwe sunabe. Tikukonza zoti chimbalechi chiyimbidwe m'mizinda khumi ndi iwiri chisanathe chaka. Wa besi tinali tisanamupeze. Masabata atatu akubwerawa tiyamba. Ndendende mmene wachitira leromu, osasintha kanthu. Ukuti bwanji?"

"Mwanayu akupita kuchipatala," anatero a Marrit, atafika. "Lero lomwe."

"Chavuta n'chiyani? Wadwala?"

Onse anayang'ana Sietske. A Wiebe anapukusa mutu pang'onopang'ono. Kumbuyo anthu anali akuwombabe m'manja, ena akutchula dzina lake molakwika.

"Ndangotopa," anatero Sietske. "Amayi amada nkhawa msanga."

"Amayi onse ndi otero. Ndiye tagwirizana?"

Mayi Verhagen anatambasula dzanja lamanja. Linakhala m'malere, likudikira.

M'thumba muja Sietske anauza zala zake kuti zitambasuke. Chachikulu chinamva. Chaching'ono chinamva. Ziwiri zija zinangogona.

Anatulutsa lamanzere.

"Pepani, linalo lili ndi thukuta," anatero. "Mzinda woyamba ndi uti?"